A Mwakalinga ndi Timu ya Chambiko

Za imfa ya a Yotamu Mwakalinga ndinazimva pa wailesi, pa mauthenga a maliro, ndili kwathu ku Ntcheu. Munali mu Meyi, mwezi umene anthu a ku Kaporo amakhala ali kalikiliki kumweta mpunga. Woulutsa mawu anapunthwa kawiri pa dzina lawo, kenaka anati mwambo woika m'manda uchitika mawa lake masana. Masiku amenewo ulendo wochoka ku Ntcheu kukafika ku Karonga unkadya masiku awiri basi ikapanda kufera m'njira, choncho sindinanyamuke. Uthengawo unatchula mudzi wawo, mpingo wawo ndi mwana wawo wamkazi, Tupokiwe. Za mpira sunanenepo kanthu.

Papita zaka zambirimbiri, koma Meyi akafika ndimawakumbukira. Chaka chino zanyanya, chifukwa sabata yatha ndinapeza amuna akukangana pa golosale za mphunzitsi wa timu ina amene wachotsedwa ntchito atagonja masewero asanu. Mmodzi anatembenukira kwa ine nati, "Aphunzitsi, inu munasewerako mpira. Munthu womanga timu apatsidwe nthawi yaitali bwanji?" Ndinaseka n'kupitiriza ulendo wanga. Funso limenelo ndinaliyankhapo kale kamodzi, pokweza dzanja pa msonkhano, ndipo mpaka lero mtima sunakhale nalo pansi.

A Mwakalinga anali manijala wa timu ya mpira wa miyendo ya pa sikimu ya mpunga, pafupi ndi sukulu imene ndinatumizidwa kukaphunzitsa ndili mnyamata. Timuyo inkatchedwa Akakowa chifukwa cha malaya ake oyera. Iwo sankaphunzitsa kumenya mpira. Bondo lawo lakumanzere linali louma, linaphwanyidwa ndi mwala ku migodi ya ku Zambia, ndipo sindinawaonepo akukhudza mpira ndi phazi. Ntchito yawo inali yosankha anthu: uyu alowe, uyu adikire, uyu wakwana apume. Makadi a osewera, aja okhala ndi chithunzi ndi chidindo, ankayenda nawo m'thumba la jekete atawamanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Njinga ankaipalasa ndi mwendo umodzi, winawo utatambasuka pambali. Ankazungulira masukulu onse a pulayimale kuyambira kwathuko mpaka kufupi ndi Songwe, nthawi zina akuwoloka madambo njinga ili paphewa. Akafika sankapita kwa ahedi. Ankaima patali pansi pa mtengo kuonerera ana akuthamangitsa mpira wa masanza. Ankati amene ali ndi mpira aliyense amamuona, iwo ankafuna kuona zimene mwana amachita mpira uli kutali naye. Akamkonda mwana ankamtsatira kwawo n'kukhala pansi ndi bambo ake. Mafunso awo ankadabwitsa anthu. Kodi mwanayu anabadwa chaka cha madzi aakulu aja kapena chotsatira? Amalume ake ndi aatali bwanji? Banja lili ndi munda pa sikimu? Ng'ombe zilipo? Ankati mwana amene kwawo kuli munda ndi khola sachoka msanga.

Ine ndinafika ndikudziona katswiri. Ku koleji ndinkasewera kutsogolo, ndipo pa masewero anga oyamba ndi Akakowa ndinamwetsa zigoli ziwiri. Anthu anandinyamula m'mwamba. Khamu litabalalika, a Mwakalinga anabwera akutsimphina n'kuima pamaso panga ndikumasula nsapato. Chichewa chawo chinali cholemera Chinkhonde, ndipo mphunzitsi aliyense ankamutchula kuti Mwalimu.

"Mwalimu, mwasewera bwino. Ndagha, zikomo. Koma mukhala kuno zaka zingati?"

"Sindikudziwa, bambo. Zimenezo amadziwa ndi amene anandituma."

"Eya," anatero. "Vuto lake ndi limenelo."

M'timumo tinalimo alendo asanu ndi mmodzi: aphunzitsi atatu, kalaliki wa pa sikimu, mlangizi wa zaulimi ndi wothandiza pa chipatala, tonse ochokera pakati ndi kummwera. Chaka chilichonse kalata ya transifa inkachotsa awiri kapena atatu, timu n'kuyambiranso. A Mwakalinga anali atatopa nazo. Ankafuna anyamata khumi ndi asanu a msinkhu umodzi, obadwira pomwepo, oti asewere limodzi zaka zisanu ndi chimodzi mpaka wina azidziwa pamene mnzake ali osacheuka. Timu ya pa Boma, ya aphunzitsi, apolisi ndi makalaliki, inkatenga chikho chaka ndi chaka. A Mwakalinga ankati imeneyo sitingaigonjetse pobwereka anthu, chifukwa anthu obwereka ili nawo ambiri kuposa ife.

Chaka chimenecho ankandilowetsa chigawo chachiwiri chokha. Chaka chotsatira, tonse asanu ndi mmodzi makadi athu sanawatumizenso. Anandipempha zinthu ziwiri: ndikhale mlembi wa komiti ya timu, popeza makalata ankafuna Chingerezi, ndiponso ndiphunzitse mnyamata wina wowonda, Lusubilo, kumenya ndi mwendo wamanzere. Ndinavomera zonse ziwiri. Koma ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, miyendo ikuyabwa, ndipo mumtima sindinawakhululukire.

Nkhani inabuka yoti mkuluyu ndi watsankho, safuna anthu ochokera kwina. Masiku a chipani chimodzi mawu amenewo sanali ocheza. Munthu wonenedwa kuti akugawa mtundu ankatha kutengedwa osabwerako msanga. Chimene chinatseka anthu pakamwa ndi zimene anamchita Gwamaka.

Gwamaka anali kaputeni, Mnkhonde mnzawo, woyendetsa ngolo, amene anatchinga kumbuyo kwa Akakowa zaka khumi ndi ziwiri. Timuyo anaiyamba limodzi, ndipo iye ankawatchula a Mwakalinga kuti tata, ngati bambo ake. Zoti akumuchotsa mu timu anamuuza Lamulungu potuluka m'tchalitchi, anthu akumva. Ankalankhula Chinkhonde, ine anachita kundimasulira mnzanga. A Mwakalinga anati miyendo yake yatsala ndi chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho akufuna kuchipereka kwa mwana amene watsala ndi zaka khumi. Gwamaka anati chakacho n'chake, amsiye achimalize, akatero adzachoka yekha mwaulemu. A Mwakalinga anapukusa mutu. Gwamaka anavala chipewa chake n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo, akakumana nawo pamsewu ankayang'ana ng'ombe zake.

Zaka zitatu tinagonja. Pa Boma anatithira zisanu ndi ziwiri kwa duu. Anyamata a zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankagwa akangogundana mapewa ndi apolisi andevu. A Mwakalinga anali ndi ng'ombe zitatu zamkaka, ndipo pochokera kokonzekera masewero aliyense ankamwetsedwa kapu ya chambiko, mkaka wowawasa uja, ataima pamzere pakhomo pawo. Anthu a matimu ena atamva anasiya kutitchula Akakowa. Tinasanduka timu ya chambiko. Amayi a pa Boma anapeka nyimbo yofunsa ngati ana athu analeka kuyamwa, ndipo pasanapite nthawi amayi akwathu omwe ankaiyimba ku chigayo. Ochemerera anayamba kuchepa. Ena anapita kukaonera mapenenga, kumene gulu la m'mudzi linkavina n'kupambana.

Pa masewero a Mwakalinga sankakhala pansi, sankakuwanso. Ankaima okha pa kona, manja kumbuyo, kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Tsiku la zigoli zisanu ndi ziwiri lija, tili m'ngolo ya thirakitala pobwerera, anati anyamata asewera bwino kuposa chaka chatha, chifukwa zigoli zisanu zalowa chigawo chachiwiri atatopa, ndipo kutopa kumatha munthu akakula. Mkulu wina wa mukomiti anatsala pang'ono kuwamenya khofi. Kufotokozera anthu sankakudziwa. Ukawafunsa kuti tidzapambana liti, ankangotchula zaka za anyamatawo mmodzimmodzi ngati kuti yankho ndi lomwelo, kenaka n'kukwera njinga.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamufotokozera zonse, akazi awo. Mayiwo sanapondepo pa bwalo la mpira, koma mnyamata aliyense ankamudziwa dzina, malo amene amasewera ndi matenda a kwawo. Anamwalira m'dzinja la chaka chachiwiri, madzi atasefukira n'kudula msewu wopita ku chipatala. Gwamaka anabwera ndi ngolo yodzaza nkhuni, anazitsitsa pa siwa, n'kubwerera osapereka moni. Patatha sabata ziwiri a Mwakalinga anali kale pa njinga kuzungulira masukulu, ndipo ena anati mkuluyu alibe chisoni. Tupokiwe anadzandiuza pambuyo pake kuti bambo ake sankatha kukhala m'nyumbamo dzuwa likapendeka, nthawi imene mayi ankapeta mpunga pakhonde iwo akuwauza za timu. Iyeyo anayesa kumvetsera, koma mayina ankamusokonekera, ndipo bambo ake anangoleka. Chaka chotsatira Tupokiwe anakwatiwa ku mudzi wina.

Ngakhale atachotsedwa pa umanijala, nkhani imene ndikufikayi, Lolemba lililonse ankandidikira panjira ya ku sukulu atatsamira njinga. Zigoli sankafunsa, anali atazimva kale kwa ana. Ankafuna kudziwa amene anasewera pakati, ngati Lusubilo akumabwerera kudzathandiza kumbuyo, ngati goloboyi akumatuluka pa mipira ya m'mwamba kapena akumamatirira pamzere. Ndinkayankha mothamanga, maso uku ndi uku, kuopa kuonedwa nawo. Iwo ankazindikira, ndipo mafunso ankawafupikitsa.

Chaka chachinayi anyamata anatupa mapewa. Tinayamba kufanana mphamvu ndi matimu amene ankatiseka, kenaka kuwagonjetsa, mpaka tinafika mu ndime yomaliza ya chikho, kukakumana ndi timu ya pa Boma. Kunamveka kuti mlendo wolemekezeka akhala nduna.

Mkulu wa komiti yathu anali a Gondwe, amenenso anali tcheyamani wa chipani m'deralo. Sindiwanena kuti anali munthu woipa. Nyimbo ya kuyamwa ija anthu ankawaimbira iwo akapita ku misonkhano pa Boma, ndipo zaka zitatu n'zambiri kwa munthu wokonda ulemu. Mmawa wa tsikulo tinasonkhana pa shedi ya sikimu, thirakitala ikulira kale, makolo a anyamata atabwera kudzatiperekeza. A Gondwe anafika ndi achinyamata awiri a chipani a malaya ofiira, ndiponso amuna atatu amisinkhu amene sitinkawadziwa. Anali osewera a kutsidya kwa Songwe, ku Tanzania. Nzeru yake inali yoti asewere pa makadi a anyamata athu atatu. Zithunzi zinali zazing'ono ndi zofufuma, ndipo panalibe amene akanayang'anitsitsa.

"A Mwakalinga, bweretsani makadi atatu," anatero a Gondwe. "La goloboyi ndi awiri akumbuyo."

"Eni ake alipo, a tcheyamani. Ndi awo akhala apowo."

"Lero kuli nduna. Sitikupita kukamwetsa ana mkaka."

Goloboyi wathu anali Ambokile, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamanja aatali ndi wamanyazi. Bambo ake anaima chapafupi atagwira ndodo. A Mwakalinga anawaloza ndi chibwano.

"Ndinakhala pakhonde pa mkulu uyo. Ndinawauza kuti mwana wawo asekedwa zaka zitatu, koma tsiku lake lidzafika. Tsiku lake ndi lero. Ndiwauze chiyani?"

"Mukudziwa amene mukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Khadi la chipani ndili nalo, ndikhoza kukuonetsani. Koma makadi awa ayi."

Anaika dzanja pa thumba la jekete. Mmodzi wa a malaya ofiira anasendera kutsogolo. A Gondwe anatembenukira kwa ine.

"Mlembi, malamulo akuti bwanji? Timu singasinthe osewera?"

Malamulowo ndinkawadziwa pamtima, ndi ine amene ndinkawasunga. Ndinati sindikukumbukira bwino.

Chimene chinathetsa nkhaniyo ndi dalaivala, amene anakuwa kuti tikapanda kunyamuka tsopano tikafika mpira utayamba. A Gondwe anayang'ana makolo aja, anayang'ana mwendo wouma uja, ndipo anaona kuti kulanda makadi m'thumba la munthu wotere anthu akuona sikungawakomere. Anangoti, "Mukagonja mudzaona." A Mwakalinga anapita kwa alendo atatu aja, anawapepesa m'Chiswahili chifukwa cha ulendo wachabe, n'kuwapempha kuti akwere nawo akaonere.

Chigawo choyamba Lusubilo anamwetsa chigoli ndi mwendo wamanzere. Ndinadumpha mpaka chipewa chinagwa, ndinaiwala kuti ndine wokwiya. Titabwera kopuma, wapolisi wina wamtali anabweza ndi mutu. Anyamata analimba, a pa Boma anayamba kukalipirana okhaokha, ndipo amayi a nyimbo aja anakhala chete. Kutatsala mphindi khumi, kalaliki wina anamenya mpira wofooka ali kutali, wongotaya. Unadunda kamodzi, unadutsa pakati pa manja a Ambokile, pakati pa miyendo yake, n'kugubuduka pang'onopang'ono kulowa mu golo. Tinagonja ziwiri kwa chimodzi. Nduna inagwira chanza kaputeni wa pa Boma n'kukwera galimoto. A Gondwe sanaitanidwe n'komwe kutsogolo.

Pobwerera, Ambokile anadzifunditsa malaya kumutu pakona ya ngolo. A Mwakalinga anakakhala pambali pake, mwendo atautambasula. Aliyense anawatalikira ngakhale munali mothithikana. Goloboyi wa ku Tanzania uja anandinong'oneza m'Chichewa chothyokathyoka kuti mpira umenewo iye akanaugwira ndi dzanja limodzi. Sankanama.

Msonkhano unachitika Lachitatu masana m'kalasi mwanga ana ataweruka. Komiti inali ya anthu asanu ndi awiri. A Mwakalinga anakhala pa benchi ya ana. Milandu inali itatu: kuchititsa manyazi dera pamaso pa nduna, kusamvera akuluakulu, ndi tsankho lija. Atapatsidwa mpata anati timu ikufuna chaka chimodzi, mwina ziwiri.

"Chaka chatha munatinso chimodzi," anatero a Gondwe.

"Eya, ndinatero."

A Gondwe anati amene akufuna kuti manijala achoke akweze manja. Manja asanu anali m'mwamba ndisanaganize n'komwe. Mkulu wina wa mpingo anapinda ake pachifuwa. Langa silinkafunika, nkhani inali itatha kale. Ndinalikweza. Ndinkaopa a Gondwe, ndinkaopa ntchito yanga, ndinali mlendo. Koma munalinso zaka zija ndinakhala kunja kwa bwalo miyendo ikuyabwa, ndipo munalinso chikhulupiriro chenicheni choti mkuluyu sadzasiya kunena kuti chaka chamawa.

A Mwakalinga anamasula mphira uja, n'kundipatsa makadi limodzilimodzi akutchula mayina.

"Mwalimu, Ambokile musamuchotse," anatero atafika pa lomaliza. "Mpira uja sadzauiwala moyo wake wonse. Wina amene mungamuikepo sanauphunzire."

Anauzidwa kuti asadzapondenso pa bwalo. Sabata yomweyo anatengedwa kukayankha mafunso okhudza tsankho, ndipo anakhalako masiku atatu. Atabwera sanauze munthu zimene zinachitika kumeneko. Kuzungulira masukulu analeka, chifukwa ahedi anayamba kuchita mantha akawaona pansi pa mtengo.

Chaka chotsatira kunabwera lamulo loti mphunzitsi aliyense akaphunzitse ku chigawo cha kwawo. M'sabata zochepa timu ya pa Boma inataya osewera asanu. Ine ndinataya sukulu yanga. Nditamanga katundu ndinapita kukawatsanzika, ndipo ndinawapeza kumunda akuingitsa mbalame ndi chingwe cha zitini.

"Ndamva, Mwalimu. Mukupita."

"Munanena kale, bambo."

"Ayi. Ine ndinkanena za transifa wamba. Izi sindinazifune. Izi n'zoipa."

Anakoka chingwe, mbalame zinauluka n'kuteranso chapatsogolo. Ndinayamba kunena za msonkhano uja, mawu akundikanika. Anandidula.

"Manja anali atakwana kale. Lanu silinasinthe kanthu."

Mpaka lero sindidziwa ngati pamenepo anandikhululukira kapena anandiuza kulemera kwanga kwenikweni. Anandigwira chanza ndi manja awiri n'kubwerera ku chingwe chawo. Sindinadzawaonenso.

Za chikho ndinazimva m'kalata ya Lusubilo. Akakowa anagonjetsa timu ya pa Boma zitatu kwa duu. Mwa khumi ndi mmodzi amene analowa, asanu ndi anayi anali omwe aja anagonja pamaso pa nduna. Ambokile, amene anatsala mu golo chifukwa wina sanapezeke, anagwira penate. Chikho anachinyamula ndi a Gondwe, ndipo polankhula anati dera lawo limadziwa kuleza mtima ndi achinyamata. Thirakitala inadutsa pamsewu wa pakhomo pa a Mwakalinga. Anyamata anakuwa kuti iime, a Gondwe anauza dalaivala kuti apitirire. Ambokile analumpha ikuyenda n'kuthamangira kunyumbako. Anawapeza akumanga thole. Mkuluyo anamvetsera zonse, anafunsa amene anasewera pakati, kenaka anamuuza kuti athamange akaipeze thirakitala, angasowe pa chithunzi.

Anthu ndikawafotokozera n'kulekezera pamenepa, onse amati mkuluyu ankanena zoona, komiti inali yopusa. Koma nkhaniyi ili ndi mchira. Pasanathe zaka ziwiri Lusubilo anatengedwa ndi timu ya kampani ina ku Blantyre. Ambokile analowa usilikali kuti azikasewera kumeneko. Atatu anapita ku Mzuzu. Munda ndi khola sizinagwire aliyense. Mwana wobadwira pomwepo akadziwa mpira amachoka, monga momwe mphunzitsi amachokera, ndipo pamenepo masamu a a Mwakalinga anaphonya. Pamene ankamwalira, Akakowa kunalibenso.

Owaikira kumbuyo amati akanasiyidwa pa njinga yawo, kumbuyo kwa Lusubilo kukanakhala ena, ndi ena kumbuyo kwa amenewo. Mwina. Koma anali atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, mwendo umodzi, ndipo panalibe munthu amene anamuphunzitsa kuona zimene iwo ankaona pansi pa mtengo paja. Anyamata anawakonza, koma wodzalowa m'malo mwawo sanamuganizire, ndipo komiti ankaiona ngati chopinga basi. Pali chaka cha Gwamaka chimene sichinabwerere kwa mwini wake. Pali akuluakulu awiri amene sankaphonya mpira Loweruka lililonse, amene anamwalira m'zaka zogonja zija akudziwa timu yawo ngati nthabwala ya ku chigayo. Zonsezo zinagula chikho chimodzi. Komabe chikho chimenecho ndi chokhacho chimene chinafikapo pa sikimu ija.

Za mmawa wa makadi uja ndilibe chikaiko, iwo ndi amene anaima poyenera, ine ndinabisala. Za zaka zinayi zija, ndikanafunsidwa lero dzanja sindikanakweza. Koma ndingakhale wabodza nditati chaka chachisanu ndikanachipirira osang'ung'udza.

Ndinapita ku Kaporo pa tchuthi cha mu Ogasiti chaka chimene anamwaliracho. Tupokiwe anandionetsa manda, pambali pa a mayi ake. Anati zaka zomaliza bambo ake ankakhala pakhonde Loweruka masana, wailesi ili pa bondo, kumvera mpira wa ku Blantyre, ndipo dzina la Lusubilo likamveka ankacheuka ngati akufuna kuuza munthu. Pa maliro, mwa anyamata a chikho aja anabwera awiri okha. Enawo anali kutali, ndipo ena anali ndi masewero sabata imeneyo.

Nditatsanzika ndinapita ndekha ku bwalo. Linali Loweruka, nthawi imene mpira unkayamba. Madzi a chaka chimenecho anasiya mchenga woyera pa theka la kumunsi. Theka la kumtunda wina anali atalima ndi ng'ombe, ndipo panatsala ziputu za mpunga zouma. Mitengo ya golo kunalibe. M'dzenje limodzi munamera nsatsi yondifika m'chiuno. Njira ya ku mjigo inadutsa pakatikati mopingasa, yosalala ndi mapazi, ndipo pambali pake wina anayanika mpunga pa mphasa ziwiri, n'kuzika ndodo yomangirira nsanza kuti nkhuku ziziopa, iye n'kuchokapo. Mizere ya m'mbali, imene inkakumbidwa ndi makasu, inali itakwiririka, koma udzu wake unali wobiriwira kuposa wina wonse, moti munthu ankatha kuitsatira ndi maso. Ndinaitsatira ndi mapazi mbali zitatu. Yachinayi inalowa pansi pa mchenga, ndipo sindinathe kudziwa pamene bwalo linkathera.